Nguluwe ndi Nyumba Yopanda Bowo

Kalekale, nyama zikadalankhula ngati mmene tikulankhulira inu ndi ine pano, kunali Nguluwe. Senderani pafupi, mumve bwino.

Nguluwe ameneyu anali mlimi, ndipo khasu lake linali mphuno yake yomwe. Ankalima kuyambira kudambo mpaka m'tsinde mwa phiri. Chaka china anakolola chimanga chochuluka moti anasowa pochiika. Anayang'ana mulu wa chimanga, anayang'ana kachisakasa kake, ndipo anati, "Ine mwini chimanga chonsechi ndizigona m'kachisakasa? Ayi. Ndimanga nyumba ya njerwa, ya khonde, ya chipinda changa ndi chipinda cha chimanga."

Pamalo pamene anasankha panali mtengo wa mkuyu, waukulu, wakalekale. M'mphako ya pamwamba munkakhala Mayi Kadzidzi. M'mphako ya pakati munkakhala Mleme. M'ming'alu ya khungwa munkakhala Nalimata, kabuluzi kaja kamayenda pakhoma osagwa.

Nguluwe sanafunse aliyense. Anabwera ndi nkhwangwa. Go! Go! Go! Tsiku lachitatu mkuyu uja unagwa, nthaka n'kugwedezeka.

Kenaka anaitana mmisiri. Mmisiri wodziwika m'dera lonselo anali Namzeze, kambalame kaja ka mchira wa mphanda. Thupi anali wamng'ono, koma dothi linkamumvera. Akaika njerwa, njerwayo inkakhala pomwepo.

Awiriwa akuyeza malo a maziko, kunabwera atatu aja a mumkuyu. Linali dzuwa la masana, ndiye Mayi Kadzidzi ankangotsinzinatsinzina, Mleme akuyasamula.

"Zikomo, a Nguluwe," anatero Mayi Kadzidzi. "Mtengo mwagwetsawu ndi mmene tinkakhala. Sitinabwere kudzakangana nanu. Tikungopempha kuti pomanga nyumba yanu mutisiyireko kamalo. Ine kabowo kamodzi pamwamba pa khoma kandikwanira."

"Iwe padenga panga?" anatero Nguluwe. "Ukalira kamodzi, mudzi wonse uzidzati kwa Nguluwe kwagwa maliro. Choka!"

Mleme anasendera. "Ine sindilira, a Nguluwe. Ndikungofuna kampata kopyapyala pansi pa denga, kongolowa chala."

"Iwe wogona mutu pansi miyendo m'mwamba? Sindidziwa n'komwe ngati ndiwe mbalame kapena mbewa. Choka!"

Nalimata anasendera. "Ine sindifuna bowo, sindifuna mpata. Khoma la kuseri lokha musalisalaze kwambiri, kuti ndipeze pobisala ndi poikira mazira."

"Khoma langa lidzasalala moti ngakhale ntchentche izidzaterereka. Choka!"

Atatu aja anachoka, nakabisala m'tchire. Nguluwe anatembenukira kwa mmisiri. "Wamva, iwe Namzeze? Nyumba yopanda bowo, yopanda mpata, yopanda mng'alu. Khomo limodzi lokha, lolowera ine."

"Ndamva, bwana," anatero Namzeze.

Koma Namzeze anali atamvanso zina zija. Mumkuyu muja iye ankapumamo akatopa ndi ntchito, ndipo atatuwo ankamupatsa moni tsiku lililonse. Ndiye popita kudambo kukatapa dothi, anadzera kutchire kuja nati, "Anzanga, musapite kutali. Ndipatseni mwezi umodzi."

Ntchito inayamba. Namzeze ankauluka, kutapa dothi, kubwera, kumata, uku akuimba:

Dothi pamlomo, dothi pakhoma,
Pa! Pa! Pa!
Womanga amange, wogona agone,
Pa! Pa! Pa!

Makoma anakwera. Tsiku lina Nguluwe anabwera kudzayendera, ndipo anaona bowo pamwamba penipeni pa khoma, pafupi ndi tsindwi.

"Iwe Namzeze! Icho n'chiyani?"

"Ilo, bwana? Ndi bowo lotulukira kutentha. Nyumba yopanda ilo, mwezi wa Okutobala mwini wake amapsa ngati mbatata ya m'phulusa."

Nguluwe anaganiza za mafuta a m'thupi mwake. "Chabwino. Koma likhale limodzi lomwelo."

Namzeze anapitiriza kuimba. Pa! Pa! Pa! Anakweza mapaso, anamanga ndi luzi, anafolera udzu. Nguluwe anabweranso, ndipo anaona kampata kopyapyala pakati pa khoma ndi denga.

"Iwe Namzeze! Nanga icho?"

"Iko, bwana? Ndi kampata kolowera mphepo, kuti mapaso aziuma. Denga losapuma limaola msanga."

Nguluwe anaganiza za ntchito yodula mapaso ena. "Chabwino. Koma kakhale kamodzi komweko."

Namzeze anapitiriza kuimba. Pa! Pa! Pa! Anasalaza khoma la kumaso mpaka linkawala. Nguluwe anazungulira kuseri, ndipo anapeza khoma la kumeneko lili lokhakhala, lodzaza timing'alu ndi timiyala totuluka kunja.

"Iwe Namzeze! Watopa kodi?"

"Ayi, bwana. Uku ndi kumene inu muzidzakandira msana. Khoma losalala silikanda."

Nguluwe anayesa. Anakhula msana wake pakhomapo, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika. Maso anatsinzina okha. "Eee, apa ndiye waganiza bwino," anatero.

Nyumba inatha. Nguluwe analowa ndi chimanga chake pakhomo lalikulu. Ndipo iye osadziwa, Mayi Kadzidzi analowa m'bowo la pamwamba, Mleme ndi abale ake analowa m'kampata, Nalimata ndi mkazi wake anakhazikika kukhoma la kuseri. Anapangana chinthu chimodzi: phokoso ayi.

Inapita miyezi. Nyumba ya Nguluwe inali yozizira bwino. Udzudzu munalibe. Khoswe sankaoneka. Chiswe chikangoyamba kukwera khoma, m'mawa mwake sichinkapezekanso.

Kutsidya kwa dambo kunkakhala Mayi Nungu, wamasiye, m'nyumba yakale ya mitengo ndi matope. Nguluwe ankakonda kupita kumeneko kukadzitama.

"Amayi, inu makoswe amakuvutani?"

"Amandivuta, a Nguluwe. Andithera mtedza."

"Kwanga safika. Amandiopa. Akangomva fungo langa amabwerera panjira. Udzudzunso chimodzimodzi."

"Ndinu odala," anatero Mayi Nungu, akupitiriza kusenda chinangwa chake.

Tsiku lina masana, Nguluwe ali gone pakhonde, kanthu kanamugwera pamphuno. Anadzidzimuka. Kanali kampira ka ubweya ndi timafupa ta khoswe. Anayang'ana m'mwamba. M'bowo muja munasuzumira timitu titatu toyera, ta maso aakulu. Anali ana a Mayi Kadzidzi, amene anali asanaphunzire kukhala chete.

"Amayi, amayi!" anafuula mmodzi. "Bwerani mudzaone, chimwala chija chili ndi maso!"

Nguluwe anakuwa mokweza moti denga linanjenjemera. Mleme anadzidzimuka n'kugwa pansi, phi! Nalimata kuseri kuja anachita mantha mpaka mchira wake unaduka.

"Namzeze! Ndiitanireni Namzeze!"

Namzeze anabwera natera pamzati wa khonde, patali pang'ono ndi mano a Nguluwe.

"Unandinamiza!"

"Sindinakunamizeni, bwana. Bowo limatulutsadi kutentha. Kampata kamaumitsadi mapaso. Msananso mwakhala mukukanda. Kungoti sindinanene zonse. Koma tandimverani. Mukuganiza kuti makoswe amapita kuti? Amathera m'mimba mwa Mayi Kadzidzi. Udzudzu amadya ndi a Mleme. Chiswe amatola ndi a Nalimata. Anthuwa akukugwirirani ntchito."

"Bodza! Makoswe amaopa ine! Onsewa achoke lero, dzuwa lisanalowe."

Mayi Kadzidzi anatulutsa mutu. "A Nguluwe, ana angawa sanayambe kuuluka. Tipatseni masabata awiri okha."

"Lero!" anatero Nguluwe. "Ndipo iwe Namzeze, tapa dothi utseke zonsezi."

"Pepani, bwana," anatero Namzeze. "Mlomo wangawu sutseka khomo la mnzanga. Mukafuna, tsekani nokha."

Phokosolo linamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Mayi Nungu anabwera ndi dengu pamutu. Anayala udzu m'dengumo, ana a Kadzidzi anatsitsidwa mmodzimmodzi, ndipo iye anati, "Tiyeni kwathu. Nyumba ndi yakale, koma siidontha."

Atachoka onse, Nguluwe anaponda matope yekha. Anakwera pamakwerero, namata bowo ndi mphuno yake. Anamata kampata. Anamata khoma la kuseri mpaka linasalala. Kenaka anatsika, nazungulira nyumba yake, nati, "Eya. Tsopano ndi yanga ndekha."

Kwa Mayi Nungu, Namzeze sanafunikenso kubisa kanthu. Mwini nyumba anati, "Boolani paliponse pamene mukufuna, amisiri." Koma Namzeze sanangoboola. Anayamba wafunsa.

"Mayi Kadzidzi, bowo lanu liyang'ane kuti?"

"Lisayang'ane kumene kumachokera mvula. Ndipo mkati muike kathabwa, ana asamagwe."

"A Mleme, inu?"

"Ife tikufuna mbali imene kumawomba dzuwa la madzulo. Timakonda kofunda."

"A Nalimata?"

"Ife tiunjikireni miyala m'munsi mwa khoma, ndipo udzu wa pamenepo musamaupalire wonse."

Namzeze anachita zonsezo, akuimba nyimbo yake. Pasanathe mwezi, mtedza wa Mayi Nungu unaleka kusowa.

Nanga kwa Nguluwe? Mverani.

Sabata yoyamba kunabwera udzudzu. Unachokera kudambo, gulu lalikulu, ndipo panalibe woulandira panjira. Unalowa pansi pa chitseko. M'mawa mwake Nguluwe anatuluka maso atatupa, makutu atatupa, mphuno ili ngati dzungu.

"Mwadzuka bwanji, a Nguluwe?" anafunsa Mayi Nungu ali kutsidya.

"Ndadzuka bwino! Ndangonenepa kumaso!"

Sabata yachiwiri kunabwera makoswe. Anakumba pansi pa maziko natulukira m'chipinda cha chimanga. Wamkulu wawo anali waulemu ndithu. Anapeza Nguluwe pakhonde nawomba m'manja.

"Odi, bambo. Tamva kuti kuno kulibenso kadzidzi. N'zoona?"

"Kuli ine! Simukundiopa?"

Khoswe anamuyang'ana kuyambira kumphuno mpaka kumchira. "Inu mumauluka?"

"Ayi."

"Mumalowa m'una?"

"Ayi."

"Zikomo, bambo," anatero Khoswe, ndipo anatembenuka n'kufuula, "Akazi anga, itanani onse! Auzeninso a kuchimuna!"

Nguluwe anathamangitsa uyu, uyo n'kudutsa pakati pa miyendo yake. Anathamangitsa uyo, wina n'kumukwera pamsana. Anagunda khoma ndi mutu katatu, osagwira ngakhale mmodzi.

"Chimanga chili bwanji, a Nguluwe?" anafunsa Mayi Nungu.

"Chili bwino! Ndikungochichepetsa dala kuti mupite mphepo!"

Sabata yachitatu kunabwera chiswe. Ichi sichinanene odi. Chinakwera khoma mwakachetechete, chinafika kumapaso. Mapasowo anali atayamba kale kunyowa, chifukwa mphepo inalibe polowera. Chiswe chinadya mkati, kusiya khungu lokha kunja. Nguluwe akayang'ana m'mwamba ankaona denga lili bwinobwino.

Ndiye inafika mvula yoyamba. Inabwera masana, ndi mphepo, ndi mabingu. Udzu wa padenga unamwa madzi n'kulemera. Nguluwe ali mkati anamva, tswa! Anamvanso, tswa! Asanafike pakhomo, denga lonse linamugwera.

Anatuluka chokwawa, udzu kumutu, matope m'makutu. Anayang'ana m'mbuyo. Makoma anali kusungunuka, chimanga chotsala chili pamvula. Anayang'ana uku ndi uku. Mtengo wobisalapo panalibe, poti anaudula yekha. Kutsidya kwa dambo, utsi unkafuka bwinobwino pa nyumba ya Mayi Nungu.

Anaima pamvulapo nthawi yaitali. Kenaka anawoloka dambo, mutu uli pansi.

"Odi, amayi."

Mayi Nungu anatsegula. "Ii, a Nguluwe! Mwanenepanso?"

"Ayi, amayi. Nyumba yagwa. Ndilibe kolowera. Ndikupempha kamalo."

"Ine sindingakane munthu pamvula," anatero Mayi Nungu. "Koma nyumba ino sindikhalamo ndekha. Funsani anzanga."

Nguluwe anakweza maso. M'kampata munatuluka mutu wa Mleme.

"Ine ndikukana," anatero Mleme. "Tsiku lija ndinagwa chamutu. Mpaka lero khosi limandipweteka."

Pamiyala panatuluka Nalimata, natembenuka kuonetsa kamchira kake kafupi. "Inenso sindikudziwa. Onani, sunamerebe wonse."

Onse anayang'ana kubowo la pamwamba. Mayi Kadzidzi anali pamenepo, ana ake atatu ali pambali pake, nthenga zitamera. Anatembenuza mutu uku, anautembenuza uko. Mvula ikungogwa pamsana pa Nguluwe.

"Ndinalakwa, mayi," anatero Nguluwe, mawu ali pansi. "Sindinakupatseni ngakhale masabata awiri."

"Simunatipatse," anatero Mayi Kadzidzi. "Ana angawa anaona munthu akuthamangitsidwa pakhomo. Anaona kamodzi, ndipo n'kokwanira. Sindifuna aonenso kachiwiri, ngakhale wothamangitsidwayo akhale inu. A Mleme, a Nalimata, mulekeni alowe."

Mleme anang'ung'udza. "Chabwino. Koma masana asamalize mkonono. Ife timakhala tikugona."

"Ndipo poyenda aziyang'ana pansi," anatero Nalimata.

Nguluwe anavomera zonse. Anaika mutu pakhomo, mutu unalowa. Anakankha mapewa, mapewa anakana. Khomo la Mayi Nungu linali la msinkhu wa nungu. Anakankhanso, nyumba yonse n'kugwedezeka.

"Basi, basi, mugwetsanso ino!" anafuula Mayi Nungu.

Namzeze, amene anali atabisala mvula pansi pa khonde, anaseka mpaka anatsala pang'ono kugwa. Kenaka anauluka, nayeza Nguluwe m'litali ndi m'lifupi, monga ankayezera wina aliyense. Tsiku limenelo Nguluwe anakhala pakhonde atafunda mphasa. M'mawa mwake onse anagwirizana, namumangira kachipinda kotsamira khoma la nyumbayo. Chimanga chimene chinapulumuka anachituta, nachiyanika pamwamba pa moto. Sichinali chambiri, koma ndi chinangwa cha Mayi Nungu chinawafikitsa kumasika.

Mvula itatha, udzu utauma, Nguluwe anapita kwa mmisiri. Ulendo uno anawomba m'manja.

"A Namzeze, ndikufuna kumanganso. Koma musayambe ndi ine. Yambani mwafunsa anzathuwa."

Ana a Mayi Kadzidzi anali atakula, ndipo wamkulu ankafuna pake. Abale a Mleme anali atachulukana m'kampata muja. Kwa Nalimata kunali ana osawerengeka. Onse anabwera kudzanena zofuna zawo, ndipo Namzeze ankamvetsera. Nguluwe ankaponda matope, kunyamula njerwa, kugwira makwerero. Pambali pa nyumba anadzalapo timitengo tiwiri, natitchingira ndi minga kuti mbuzi zisadye.

Khoma la kum'mawa litafika pakati, Nguluwe anati, "Amisiri, apa musaikepo njerwa. Musiye mphako, yakuya ndithu, ya khomo laling'ono."

Namzeze anadabwa. "Ya ndani, bwana? Onse apeza kale malo."

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa?"

"Sindikudziwa. Koma m'tchiremu muli anthu ambiri, ndipo mitengo ikutha. Mwini wake abwera."

Mphako ija inakhala yopanda kanthu mwezi woyamba. Inakhala yopanda kanthu mwezi wachiwiri. Mleme ankaseka, amvekere, "A Nguluwe amangira mphepo chipinda." Koma m'mawa uliwonse Nguluwe ankapita kukasuzumira, n'kuchotsamo zinyalala.

Mwezi wachitatu, dzuwa lili pamutu, kunamveka kulira kuchokera kuphiri. Wuuu! Kunabwera kamtambo kakuda, kakuzungulira, n'kutera panthambi pafupi ndi nyumba. Zinali njuchi. Mtengo wawo unali utapsa ndi moto wolusa, ndipo zinali zitauluka masiku awiri osapeza pokhala. Mayi wa njuchizo anatuluka pakati pa gululo, mapiko atatopa.

"Odi kuno! Taona mphako pakhoma lanu. Ili ndi mwini?"

Nguluwe anathamanga kuchokera kumunda, dothi lili kumphuno. Anafika akupuma wefuwefu.

"Ili ndi mwini, mayi," anatero. "Ndi inuyo. Mwachedwa bwanji? Lowani!"

Njuchi zinalowa. Chaka chimenecho maungu a Nguluwe ndi a Mayi Nungu anabereka mpaka kusowa owanyamula, poti njuchi sizinasiye duwa ngakhale limodzi. Ndipo nyengo yozizira itafika, mayi wa njuchi anatumiza chisa cha uchi pakhonde. Nguluwe anachigawa pakati pa onse a pakhomopo, ndipo Mleme, amene ankaseka uja, ndiye ananyambita tsamba limene anagawirapo uchiwo.

Tsono inu amene mukumva, phunziro lake ndi ili. Malo amene umamangapo nyumba, ena anayamba kale kukhalapo. Pomanga uziwasiyirako pawo, pakuti nyumba imalimba ndi amene akukhalamo ndi kuizungulira, osati ndi njerwa zokha. Wotsekera anzake onse kunja amatsala yekha ndi makoswe.

Nthano yanga yafika pamathero, ndaitula pano. Amene ali ndi ina, aitulutse timve.